Khomo Limene Ndinaboola ku Namitete

Ukamwini ine ndinaukhala, ndipo ndinaukhala wonse wosatsalako. Kwathu ndi ku Mpingu, koma ndinakwatira kufupi ndi Nsaru, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinamangirira bokosi la zida zanga za ukalipentala panjinga n'kukakhala pamudzi pa mkazi wanga. Ndinalima munda wa apongozi, ndinawamangira nkhokwe ndi chigafa cha fodya, ngakhale mpando umene ankakhalapo pondijeda unali wokhoma ine ndemwe. Ana awiri anabadwa, wamkazi kenako wamwamuna, koma pamudzipo ndinali mlendobe.

Chimene chinkandidya mtima chinali kwathu. Bambo anga anali atamwalira, mlongo wanga yekhayo atatsatira mwamuna wake ku Halale, ndipo mayi anga anatsala okha, maso akuyamba kuchita khungu. Ulendo wina ndinawapeza atapsa mkono pofufuza mphika pamoto. Ndinkafuna chitengwa, ndiye kuti kutenga mkazi wanga ndi ana kukakhala nawo kwathu, kuti mayi anga akhale ndi anthu pakhomo. Amalume ake a mkazi wanga, omwe anali eni mbumba, sanavute. Anangoti iwo alibe mawu, bola mlongo wawo avomere. Mlongo wawoyo ndiye apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, ndipo yankho lawo linali lomwelomwelo chaka ndi chaka: munthu ameneyu matabwa amawadziwa, koma kusunga anthu kunja kwa mudzi uno sangathe.

Mawu amenewa sankandiuza ine pamaso ayi. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi aakazi sitinkayankhulana, sitinkayang'anana, sitinkadyera pamodzi, kugona chipinda chimodzi ndiye n'kosatchula komwe. Tikakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo wopatukayo nthawi zambiri ndinali ine, moti minga ya ku Nsaru ndimaidziwa bwino. Zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Iye ndiye ankanyamula mawu uku ndi uku, ndipo ndikukhulupirira kuti ena ankawachotsako ululu panjira.

Chaka china m'nthawi ya atsamunda, Chitaganya chitangoyamba kumene, titamaliza kugulitsa fodya, kunamveka kuti ku Namitete kudzakhala chionetsero cha zaulimi Lachisanu ndi Loweruka. Anthu sankakamba kwenikweni za ng'ombe kapena chimanga. Nkhani inali ya zosangalatsa: bandi ya malipenga, mpikisano wa njinga, mtengo wopaka girizi wokhala ndi malaya pamwamba, ndiponso katungwe wozungulira wa mahatchi amatabwa amene mmwenye wina ankabwera naye kuchokera ku Lilongwe. Ana anga atamva za mahatchiwo tulo tinatha m'nyumba. Ndiye panabweranso mlangizi wa zaulimi, anaona mtedza wa apongozi uli padzuwa, n'kunena kuti mtedza wotere ndi wofunika kukaonetsa. Mlangizi ameneyo ndiye anandiputira zonsezi.

Madzulo ake mkazi wanga anabwera ndi uthenga.

"Amayi akuti nawonso apita, akaonetse mtedza wawo. Akuti inu mutipezere pogona."

"Basi, anena zokhazo?"

"Anawonjezera kuti, tione."

Ndinadziwa pomwepo kuti awa ndi mayeso. Ndikawagoneka bwino, nkhani ya chitengwa ili ndi poyambira. Ndikawachititsa manyazi kuchilendo, mayi anga adzafera okha m'nyumba muja ine ndikupalira munda wa eni. Ndipo pogona pake sipanali pogona wamba. Panafunika pafupi ndi bwalo la chionetsero, chifukwa apongozi anali ndi bondo lotupa, sakanatha kuyenda mtunda m'mawa ndi madzulo. Panafunika poti ana angagone osapondedwa. Koposa zonse panafunika poti ine ndi iwo tisakumane, ngakhale popita kuchimbudzi. Wachibale ku Namitete tinalibe, ndipo ku mishoni ndinamva kuti malo anali atasungira aphunzitsi ndi ana asukulu. Choncho kutatsala masabata angapo ndinakwera njinga kukafufuza ndekha.

Ndinayambira ku resitihausi, poti ndi imene aliyense ankatchula. Inali pafupi ndithu ndi bwalo, koma nditasuzumira ndinapeza chipinda chimodzi chachikulu ngati shedi ya fodya, khomo limodzi, mphasa zili ndandanda mpaka kukhoma. Ndinafunsa woyang'anira kuti kodi munthu wobwera ndi apongozi amagona pati. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Momwemo, bambo. Apongozi, akamwini, onse. Nyali ikazima palibe amaona mnzake."

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sipachedwa. Ndinamuuza kuti iye mwina anakwatira mwana wamasiye, n'chifukwa chake akuyankhula zotero, kenako ndinatenga njinga yanga.

Mayi ena ophika mowa, amene nyumba yawo inkachita kuyang'anizana ndi bwalo, anali ndi tinyumba tiwiri kuseri, kena uku kena uko. Pa nkhani ya mwambo zinali bwino zedi, moti mtima unayamba kukhala pansi. Koma ine ndine kalipentala, bedi sindiliona pamwamba pokha. Nditatembenuza limodzi n'kugogoda m'mfundo, nsikidzi zinatuluka ngati zaitanidwa ku msonkhano. Mayiwo anati ndi za alendo a dzulo, zichoka zokha. Ndinaonanso mbiya zikuluzikulu atazifola kukonzekera chionetsero chomwecho, ndipo ndinadziwiratu kuti pabwalo pamenepo oledzera adzagona mpaka pakhomo. Ndinathokoza n'kutuluka ndikudzikanda.

Dzuwa litapendeka ndinalowa m'hotela ina kuti ndingomwako tiyi, nditataya kale mtima. Inali m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Mchinji, umene nthawiyo tinkati wa ku Foti Maningi, ndipo ukaima pakhonde pake bwalo la chionetsero unkaliona lonse. Mwini wake anali mtchona amene anakhalitsa ku Halale, wa chipewa chosavula ngakhale m'nyumba. Atamva dandaulo langa anati nayenso ali ndi zipinda zogona alendo, ndikazione. Zinali ziwiri, zomangidwa pambali pa chipinda cha tiyi, zofolera ndi malata, zokhala ndi mabedi achitsulo. Ndinatembenuza matiresi, ndinanunkhiza mabulangete, ndinazungulira kukaona chimbudzi ndi bafa. Zonse zinali zaukhondo, ndinasowa ponyoza.

Vuto linali limodzi, koma lalikulu. Zipindazo zinali zotsatana, china kutsogolo china kumbuyo, ndipo khomo lotulukira panja linali limodzi lokha, la kumsewu. Pakati pa zipindazo panali mpata wotchinga ndi chiguduli. Wogona kumbuyo ankayenera kudutsa pamiyendo pa wogona kutsogolo. Kaya apongozi ndiwaike kumbuyo kaya kutsogolo, wina akanadutsa pamene mnzake wagona. Ndinaima m'chipinda cha kumbuyocho ndikuyang'ana khoma, kenako ndinaligogoda ndi chala.

"Khoma ili ndi la njerwa zootcha kodi?"

"Ayi, ndi zidina. Bwanji?"

"Ndikufuna ndiliboole, ndiike khomo."

Chipewa chija anachivula. Anati ndapenga, denga ligwa, nyumba imeneyi ndi thukuta lake lonse la ku Halale. Ndinamutengera panja n'kumusonyeza pamene mitengo ya denga inatsamira, kuti ione, si pamene ndikufuna kuboolapo. Ndinati matabwa, mahinjesi ndi ntchito zikhala zanga, khomo litsala lake, ife atilole kugona masiku a chionetsero basi. Anakanabe. Ndiye ndinamufunsa kuti kodi iye apongozi ake akabwera kudzacheza amagona kuti. Anaseka chikhakhali.

"Kukhitchini, achimwene. Nyumba yangayanga, ine kukhitchini."

Tinagwirizana pomwepo. Patapita zaka anadzandiuza kuti chipinda chimenecho sichinkakhala chopanda munthu nyengo ya msika wa fodya, akamwini ankachita kuuzana.

Sabata yotsatira ndinabwerera ndi zida ndi matabwa a mlombwa. Matabwa amenewo ndinkawasungira chitseko cha nyumba imene ndinkalota kudzamanga kwathu ku Mpingu, ndipo powamangirira panjinga mtima unandiwawa. Ndinayamba ndi kulowetsa thabwa lochindikala pamwamba kuti ligwire khoma, kenako ndinachotsa zidina chimodzichimodzi ndi tchizulo, mwini hotela ali pambali akupemphera. Palibe mng'alu unaoneka. Ndinaika mafelemu, ndinapachika chitseko, ndinamata m'mbali ndi dothi, ndipo pampata wa pakati paja ndinachotsa chiguduli n'kuikapo chitseko china cha matabwa otsala. Kunena zoona inali ntchito yabwino, chitseko chinkatseka chokha ukangochikankha ndi chala.

Maganizo anga anali akuti chipinda cha kumbuyocho, cha khomo latsopano, chikhale cha apongozi pamodzi ndi mkazi wanga ndi ana. Kunali phee, kutali ndi fumbi la msewu, ndipo ukatuluka unali utafika kale pabwalo la kuseri pamene panali khitchini ndi bafa. Ine ndikanagona kutsogolo, kuphokoso. Ndinkaona kuti ndawapatsa ulemu wonse, ndipo ndinabwerera ku Nsaru ndikuimba mluzu njira yonse. Mkazi wanga ndinangomuuza kuti malo apezeka abwino. Za kuboola khoma sindinatchule, ndinkafuna akadzionere okha n'kudabwa.

Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa pa ngolo imene ndinabwereka kwa mchikumbe wina wa m'mudzi moyandikana. Inali nyengo ya mphepo ndi fumbi. Ine ndinali kutsogolo ndi ng'ombe, osacheuka, ndipo apongozi anakhala kumbuyo kwa ngolo atayang'ana kumene tinkachokera, dengu la mtedza lili pamiyendo atalivindikira ndi nsalu. Ana anafunsa za mahatchi njira yonse, kuti kodi amadya, kodi amaluma. Tinafika ku Namitete dzuwa likadalipo. Anthu anali piringupiringu, ena akukoka mbuzi, ena atasenza maungu, ambiri akufunsa pogona. Ine ndinkayenda ngati mfumu poti pogona ndinali napo.

Ndinaimika ngolo pambali pa hotela, ndinauza mkazi wanga kuti awatengere amayi kuseri akawasonyeze khomo lawo, ndipo ine ndinatsala ndikumasula ng'ombe, nditatembenukira kumsewu. Makutu okha ndiwo anali kuseriko. Ndinkayembekeza kumva kuyamika. M'malo mwake ndinamva mawu a apongozi, otsika koma omveka bwino.

"Dothi ili ndi laliwisi. Khoma ili aliboola liti?"

Mkazi wanga sankadziwa, choncho anayankha mwini hotela, amene anali atawatsatira kuti akaone akudabwa. "Sabata yathayi, mayi. Apongozi anuwo ndiwo aboola, ndi manja awo."

"Aboolera ndani?"

"Inuyo, mayi. Kuti muzitulukirapo."

"Ndiye kuti mtembo ndine."

Chingwe cha ng'ombe chinagwa m'manja. Kale kwathu, maliro ena sankatulukira pakhomo. Ankaboola khoma la kuseri n'kutulutsirapo mtembo. Ndili mwana ndinaziona ndi maso anga, koma sabata yonse ija ndikuchotsa zidina mutu wanga unali pa mahinjesi ndi mafelemu. Ndinaboola khoma la kuseri, ndinalibooleranso munthu mmodzi wodziwika, wokalamba, wodwala bondo, amene mudzi wonse unkadziwa kuti ndiye akunditsekereza. Munthu wofuna kundiganizira zoipa sakanavutika kufufuza.

Mwini hotela anayesa kukonza, koma anangowonjezera moto. Anati ku Halale nyumba zimakhala ndi makomo ambirimbiri, kutsogolo, kuseri, m'mbali, palibe amafa nazo. Apongozi anamuyankha kuti makomo amenewo anawamanga pamodzi ndi nyumba, sanachite kuboola atamva kuti akutiakuti ali panjira. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango umene unali pabwalopo, dengu lili pamiyendo, n'kunena kuti ng'ombe zimangidwenso, iwo akubwerera kwawo. Ngati ng'ombe zatopa ayenda pansi ndi bondo lomwelo.

Mkazi wanga anabwera kwa ine misozi ili m'masaya. "Bwanji simunandiuze inu? Ndikanakuletsani. Tsopano taonani."

Ana nawo anayamba kulira atamva zobwerera, poti mahatchi aja ankaoneka patali, anthu akuwamangirira. Ine ndinali wokwiya, ndi apongozi, ndi mtchona wolongolola uja, makamaka ndi ine mwini. Ndinafuna kukuwa kuti chiboo cha maliro sachiika mafelemu a mlombwa, koma mkamwini sakuwa, ndipo kutsutsana ndi munthu amene wachita mantha n'kungomuwonjezera mantha. Ndinaona mayi anga m'maganizo, ali okha ku Mpingu, ndipo ndinadziwa kuti ngolo ikatembenuka lero nkhani ya chitengwa yafa.

Ndinatsitsa bokosi langa la zida ndi bulangete pangolo. Ndinauza mkazi wanga kuti awachenjeze amayi ayang'ane kumbali, ndikudutsa. Ndinazungulira kuseri mutu uli pansi, ndinakankha chitseko changa chija n'kulowa. Ndinayala bulangete pabedi, ndinagona chagada, ndinakhala kanthawi. Kenako ndinadzuka n'kutulukira pakhomo lomwelo. Ndinena zoona, miyendo inkanjenjemera. Ndinali Mkhristu wobatizidwa, wa m'kwaya, koma polumpha chiundo cha khomolo msana unachita tsembwe. Nditatuluka ndinagwada chapatali, nditafulatira mtengo wa mango, n'kuyankhula kwa mkazi wanga mokweza kuti ena amve.

"Auzeni amayi kuti ndalakwa, ndipo ndikupepesa. Khomo ili si lawo. Waboola ndine, wogonamo ndine, woyamba kutulukapo ndine. Ngati pali kanthu kabwere kwa ine. Iwo alowe pakhomo la kutsogolo, limene anamanga nalo nyumba, agone ndi inu ndi ana."

Ulendo uno mwini hotela anaphunzira kutseka pakamwa. Kenako ndinamva dengu likutukulidwa, ndi mawu a apongozi akuuza mwana wawo.

"Ana asadutse pamenepo. Tiona ngati adzuke."

Ndinadzuka. Ndinadzuka tambala asanatope kulira, ndipo kuti aliyense adziwe ndinatenga nkhwangwa ya mwini hotela n'kuyamba kuwaza nkhuni kuseriko mwaphokoso, ndikutsokomola dala. Mkazi wanga anatuluka akuseka, anati amayi amva, ndileke kugonthetsa anthu m'makutu.

Masiku awiri amenewo ndi amene ndinaona ubwino wogona pafupi. Apongozi anakapereka mtedza wawo m'mawa osathandizidwa ndi munthu, bondo litayamba kuwawa anabwerera n'kukakhala pakhonde la kutsogolo. Chipinda chimene ndinkachiyesa choipa chinawakomera, chifukwa ali pakhondepo ankaona zonse: bandi ikudutsa, anyamata akugwa panjinga, ena akutsetsereka pamtengo wa girizi malaya ali pomwepo. Azimayi a ku Nsaru amene anagona ku resitihausi ankabwera maso ali psuu kudzapempha madzi, ndipo apongozi ankawalandira ngati hotela ndi yawo. Mkazi wanga anandiuza kuti anawamva akuuza mnzawo kuti bedi lachitsulo ndi labwino pa msana. Ine ndinkalowa ndi kutulukira kuseri, iwo kutsogolo, ndipo m'bwalo ndinkangoyang'ana duku lofiira la mkazi wanga, likakhala kumanja ine ndinkapita kumanzere. Sitinakumane ngakhale kamodzi.

Mahatchi aja sanali okongola monga mbiri yake. Ndinawayang'anitsitsa, ntchito yake inali yothamangira, misomali ina ili pamtunda, ndipo ankazunguliridwa ndi amuna okankha thukuta lili kamukamu. Koma ana anga za misomali analibe nazo ntchito. Wamkazi anakwera hatchi yoyera atagwira makutu ake, akukuwa nthawi zonse akamadutsa pamene ndinaima. Wamwamuna anakwera kamodzi, anatsika ali dzandidzandi n'kusanza pansapato zanga. Ndinamunyamula, pang'ono chabe tinali tafika pahotela, anasamba, anagona, atadzuka anati akufunanso hatchi. Tikanagona kutali tsiku likanathera pomwepo.

Loweruka masana anaitana opambana. Mtedza wa apongozi sunapate kanthu. Anapambana mchikumbe wina wa ku Chitedze, ndipo ngakhale lero ndimanena kuti wa apongozi unali wonenepa kuposa uja. Iwo anatenga dengu lawo n'kubwerera kuhotela. Mkazi wanga anati sanafune ngakhale tiyi. Ndinagwa mphwayi. Ndinaganiza kuti ulendo wonsewu adzaukumbukira ndi zinthu ziwiri, khoma loboola ndi manyazi a mtedza, ndipo zonsezo adzazikoleka pa ine.

Lamulungu m'mawa, titabwera ku Misa, mkazi wanga anatenga ana kuti akaone anthu akumasula mahatchi. Ine ndinali m'chipinda changa kukhoma kampiringidzo kamene ndinalonjeza mwini hotela. Khoma la pakati pa zipinda ziwirizo silinkafika kudenga, kotero mawu ankadutsa pamwamba. Ndili pakati pokhoma ndinamva wina akuitana kuchokera kutsogolo.

"Apongozi."

Ndinaleka kukhoma. Ndinayesa kuti kwabwera mlendo, kapena akuitana wina pamsewu.

"Apongozi, muli m'menemo eti? Ndikunena inu."

Zaka zonse zimene ndinakhala ku Nsaru mayi amenewa anali asanandiyankhulepo. Nyundo ndinaiika pansi mosamala ngati dzira, n'kugwada kuyang'ana khomalo.

"Ndilimo, amayi."

"Tsiku lija munachita mantha?"

"Ndinachita, amayi."

"Ndinaona miyendo."

Ndiye kuti anayang'ana, pamene anauzidwa kuti ayang'ane kumbali. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Ndinamva bedi lachitsulo likulira pamene ankatembenuka.

"Ine ndimati mukatiponya pakhonde la sitolo. Amuna anga, amene anapita aja, ulendo wina anandigoneka pansi pa ngolo mwana ali kumsana, iwo ali kumowa. Inu mwagoneka ana pabwino. Mutu wanu umathamanga, koma mwagoneka ana pabwino." Anatsokomola. "Amayi anu maso ali bwanji?"

"Akungoona zithunzithunzi, amayi. Usiku ndiye saona n'komwe."

"Akuwatungira madzi ndani?"

"Ana a eni, akakumbukira."

Kunja anthu ankakweza katundu pangolo, wina akutukwana ng'ombe. Ine ndinali chigwadire.

"Kaumbeni zidina dzuwa likadalipo," anatero. "Mvula isanagwe mukhale mutasamuka. Achimwene ndikawauza ndekha. Koma mwana wanga azibwera kudzandiona, ndipo adzukulu anga ndisamve kuti agona ndi njala."

Ndinaomba m'manja kwa nthawi yaitali, nditayang'ana khoma la zidina, popanda wondiona. Ndinafuna kunena mawu ambiri koma ndinangoti zikomo amayi, zikomo amayi. Ndinalira, ine bambo wa ana awiri, ndipo sindichita nazo manyazi. Chimwemwe ngati chimenecho sindinachimvepo ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Mkazi wanga atabwera anandipeza maso ali ofiira, anayesa kuti kwagwanso china. Ndinamuuza. Sanakhulupirire, anathamangira kutsogolo kukafunsa, ndipo ndinamva amayi ake akumuyankha mwaukali kuti asawasokose, amange katundu dzuwa likukwera. Pobwerera zonse zinali monga kale, ine kutsogolo ndi ng'ombe osacheuka, iwo kumbuyo atayang'ana kumene tinkachokera. Koma ndinaimba nyimbo zonse za m'kwaya zimene ndinkadziwa kuyambira ku Namitete mpaka ku Nsaru, ndipo palibe anandiletsa. Mtedza wosapambana uja apongozi anawotchako wina panjira pamene tinapumira, n'kunditumizira m'kambale kudzera mwa mkazi wanga.

Tinasamuka mitambo itayamba kusonkhana, denga ndinamaliza kufolera mvula yoyamba ili pafupi. Tsiku lofika ku Mpingu mayi anga anali pakhonde, anamva ngolo koma sankaona amene ali pamenepo. Ndinatsitsa ana n'kuwaimika patsogolo pawo. Anawapapasa kumaso mmodzimmodzi, mphuno, makutu, tsitsi, kenako anagwira dzanja la mkazi wanga osalisiya.

"Mubwerera liti?" anafunsa, poti anazolowera kuti tikabwera timagona kamodzi n'kupita.

Mkazi wanga ndiye anayankha. "Sitibwerera, amayi. Mtsuko wanu uli kuti, ndikatunge madzi?"